Munda wa Amayi M'dzina la Mkamwini

Kwa Nakhonyo, Phalombe
12 Ogasiti 2024

Fraser mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Blantyre kumeneko pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tilipo, kungoti mphepo ya ku Chilwa yatiumitsa milomo, ndipo mwana wanga Princess watsokomola sabata yonse koma wayamba kupeza bwino.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati kale. Ndakuimbira foni kanayi. Kawiri unati uli mu mitingi, kamodzi netiweki inathawa, kachinayi unangoti "zimenezo n'zazing'ono achemwali" n'kudula. Ndiye ndati ndilembe, chifukwa pepala silidula munthu pakamwa. Ndapatsira kondakitala wa minibasi ya ku Limbe uja amatinyamulira matemba.

Nkhani ndi ya makina ako. Chaka chatha unabwera ndi mabwana ako pa galimoto yoyera, n'kuima pa ofesi ya sikimu yathu ya mpunga, n'kuuza anthu kuti mikangano ya madzi yatha. Unati kompyuta ndiyo izigawa madzi, mwini puloti aliyense azilandira uthenga pafoni wonena tsiku lake ndi nambala yachinsinsi, ndipo a Micheal, mlonda wa pageti la ngalande, azitsegulira yekhayo amene waonetsa nambalayo. Ndinaomba m'manja mpaka kuwawa. Ndinkauza aliyense kuti uyo ndinamubereka kumsana ine.

Madzi a chilimwe anayamba kugawidwa pa 1 mwezi uno. Oyandikana nane onse alandira mauthenga kawiri, ine foni yanga zii. Tsiku la mzere wathu ndinapita pageti. A Micheal anayang'ana pafoni yawo, n'kunena kuti puloti 63 mwini wake ndi Steve ndipo nambala inapita kwa iyeyo. Steve! Munthu amene anachoka pakhomo pano mu Epulo n'kukalowa m'nyumba ya mkazi wogulitsa zitumbuwa pa Migowi. Ukwati unatha pamaso pa ankhoswe, iwenso ukudziwa.

Dambo limenelo linali la agogo sikimu isanamangidwe. Agogo anasiyira amayi, amayi anasiyira ine, ndipo ine ndikafa ndi la Princess. Steve anangobwera kudzakhala chikamwini ndi kachikwama kamodzi. Tandiuza, dzina lake lalowamo bwanji?

Mbande zili pa nazale, ziyenera kuwokeredwa mwezi uno usanathe. Yankha msanga.

Ndine mchemwali wako,
Enelesi


Blantyre
17 Ogasiti 2024

Achemwali,

Moni kwa inu ndi Princess. Kuno tonse tili bwino. Kalata yanu inafika ikununkha matemba moti mu ofesi monse anadziwa kuti kwathu kwabwera uthenga.

Choyamba, si makina anga ayi. Ndi pulogalamu ya kampani imene ndimagwirako ntchito, ndiponso si chinthu chimodzi monga mukuganizira. Masiku ano pulogalamu yaikulu sitiilemba yonse kuyambira pansi. Timaimanga m'zigawo, ngati mmene a Brown amalumikizira njinga pa Migowi: tcheni cha kwina, matayala a kwina, chishalo cha kwina, bola zonse zigwirane. Ntchito yanga inali kujambula mapulani ake, kunena kuti zigawo zikhale zingati, chilichonse chizichita chiyani, ndipo zizilankhulana bwanji.

Zigawozo zilipo zinayi. Pali kaundula, amene amasunga maina a eni mapuloti. Pali chogawa madzi, chimene chimawerengera masiku. Pali chotumiza mauthenga, kenako kaja kali mufoni ya a Micheal. Pa zinayizi, chimene ndinalemba ndi manja anga ndi chogawa madzi, ndipo ndachiyang'ana dzulo, chilibe banga. Kaundula tinamutenga wopangidwa kale. Anagwira ntchito zaka zitatu m'masikimu a kumpoto popanda wodandaula, ndiye kulemba wina kukanakhala kungotaya nthawi.

Chigawo chilichonse chimadziwa ntchito yake yokha, sichisuzumira m'mimba mwa chinzake. Changa chikafuna kupereka madzi ku puloti 63 chimangofunsa kaundula funso limodzi, kuti mwini wake ndani. Kaundula amayankha dzina limodzi ndi nambala imodzi ya foni. Basi. Ngati latuluka dzina la a Steve, ndiye kuti wina kumeneko analemba molakwika.

Pitani ku ofesi ya sikimu mukaonane ndi a Gertrude, alembi aja, akakusinthireni. Ndi ntchito ya mphindi zisanu. Simumafunika kundiimbira kanayi ndili pakati pa mitingi, kapena kuyamba kundiwerengera mbiri ya agogo.

Ndine mchimwene wanu,
Fraser


Kwa Nakhonyo
24 Ogasiti 2024

A Injiniya,

Ndati ndikutchuleni choncho poti mchimwene wanga sindikumuona m'kalata ija. Moni kwa alamu ndi ana, iwowo sanandilakwire.

Mphindi zanu zisanu zandidyera masiku atatu. Ndinapita kwa a Gertrude. Anatsegula kompyuta n'kundionetsa fomu ya kaundula wanu wopanda wodandaulayo. Funso loyamba likuti, kodi muli pabanja? Ukangoti inde, likutuluka bokosi limodzi lokha, lolembapo dzina la mutu wa banja, mwamuna. Malo olembapo kuti munda ndi wa ndani palibe. Pamene ankatilemba chaka chatha Steve anali adakali pakhomo, ndiye ndinayankha zoona. Palibe amene analemba molakwika. A Gertrude analemba zimene bokosi linafunsa, ine ndinayankha zimene a Gertrude anafunsa.

Ndinati chabwino, sinthani. A Gertrude anayesa ine ndikuona. Kaundula akuti posintha mwini munda, mwini wakale avomereze kaye ndi nambala imene itumizidwe pafoni yake. Ndiye kuti, pofuna kutenga munda wa amayi anga, ndikagwade kwa Steve.

Ndinapita, Fraser. Ndinapalasa njinga mpaka pa Migowi dzuwa likuswa mtengo. Ndinamupeza pakhonde la golosale akusewera bawo. Sanaimirire n'komwe. Anangoti, "Mayi a Princess, ine sindinapemphe. Mukafunse alongo anu, ndi amene anandilemba." Anzake kuseka! Ine ndinabwerera ndikulira njira yonse.

Sindili ndekha. A Aliness amuna awo anapita ku Joni n'kusiya kuimba, nambala ikupita ku foni yozima. A Lenia amuna awo anakwatira ku Mozambique. Tilipo asanu ndi awiri amene geti latitsekera. Enawo amuna ali pakhomo ndiye madzi akulowa, koma nawonso ayamba kunong'onezana, chifukwa akamwini ena ayamba kuyenda mokweza mapewa, ati boma lawalemba.

Unandiphunzitsa za njinga za a Brown. Ndifunseko poti sindinapite patali ndi sukulu. A Brown akaika tcheni cha njinga yamoto pa njinga yakapalasa, munthu n'kugwa, amati wolakwa ndi tcheni? Kumpoto mkazi amapita kwa mwamuna, munda ndi wa bambo, fomu imeneyo kumeneko ili bwinobwino. Kuno ndi kwa Alomwe. Amene anaitola n'kubwera nayo kuno sanali mzungu, sanali wa ku Karonga. Anabadwira m'nyumba ya amayi ake, pamudzi wa agogo ake aakazi, bambo ake ali mkamwini.

Chimwalirireni atsibweni, mwinimbumba ndiwe. Ndiwe woyenera kuima patsogolo wina akafuna kulanda za alongo ako. Ine ndimayesa ukudziwa.

Mbande zatalika, zayamba kufiira nsonga.

Enelesi


Migowi
27 Ogasiti 2024

Alamu a Fraser,

Moni wa ulemu. Ndikhulupirira ntchito ikuyenda bwino m'tauni. Ine ndilipo, geni ya nandolo ikuyenda pang'onopang'ono.

Mudabwa kuona kalata yanga poti pa zaka khumi ndi zinayi zimene ndinakhala kwanu simunandifunsepo maganizo ngakhale pa nkhani ya nkhuku. Ndalemba kuti ndikuthokozeni.

Pamene ndinkafika, puloti ija inali yopendekeka, madzi amathawira mbali imodzi. Ndinaisalaza ndine, nyengo zitatu, msana mpaka lero umandipweteka kukazizira. Makoma otchinga madzi ndinaumba ndine. Mpunga umene munkabwera kudzanyamula pa Khirisimasi, woti anzanu a mu ofesi amve fungo la kilombero, ankapirikitsa mbalame ndine. Koma pamsonkhano wa banja ndinkakhala kumbuyo pafupi ndi agalu. Tsiku lochoka anandiwerengera malaya anga, n'kusecha m'chikwama ngati ndine wakuba.

Ndiye chaka chino foni yanga ikulira, uthenga ukuti Bambo Steve, mwini puloti 63. Alamu, ndinawerenga katatu. M'mudzi monse muja, choyamba kuona thukuta langa ndi kompyuta yanu.

Sindine munthu woipa. Achemwali anu ndawauza kudzera mwa ankhoswe kuti tigawane pulotiyo pakati, theka iwo theka ine, ndipo nambala ndiziwapatsa sabata iliyonse. Akana, ati ndine galu. Anthu ena akuti kompyuta inalakwitsa. Inu ndinu mwini wake, tandiuzani mwachilungamo ngati amuna okhaokha, inalakwitsa?

Ine mlamu wanu,
Steve


Blantyre
30 Ogasiti 2024

A Steve,

Kalata yanu ndaiona. Ndiyankha mwachidule.

Pulogalamu yathu sinalakwitse. Inalemba zimene inapatsidwa ndipo ikuchita zimene inapangidwira. Koma zimenezo sizikupatsani munda. Pulogalamu si bwalo la milandu. Mukudziwa bwino lomwe kuti puloti ija ndi ya amayi anga, ndipo zimene mukuchitazi mukumana chakudya mwana wanu yemwe. Perekani nambala kwa achemwali lero, ndipo a Gertrude akakutumizirani ya kusintha dzina muvomereze.

Za kukhala kumbuyo pamisonkhano mukanadandaula muli pakhomo. Musandilemberenso.

Fraser


Kwa Nakhonyo
9 Seputembala 2024

Fraser,

Moni sindipereka, ndilibe.

Loweruka komiti ya sikimu inatiitana, ine ndi Steve, anthu atadzaza pabwalo la ofesi. Ndinafotokoza za agogo, za amayi, a Lenia anaikira umboni. Zinkayenda bwino. Kenako Steve anaimirira, n'kutulutsa pepala m'thumba la malaya, n'kuwerenga mokweza kuti, "Pulogalamu yathu sinalakwitse. Inalemba zimene inapatsidwa ndipo ikuchita zimene inapangidwira." Anapinda pepala pomwepo n'kuonetsa apampando siginecha yako yokha. Anati, "Awa si mawu anga. Ndi a amene anapanga makinawo, amenenso ndi mwinimbumba wa mayiwa."

Ndinaimirira pomwepo. Ndinakuwa kuti awerenge yonse, iye anati kwinako n'za pabanja. Apampando anati poti mwini makina wanena yekha, iwo sangatsutsane ndi kompyuta, nkhaniyi idikire kampani. Anthu akubalalika ndinamva wina akuti, "Wagulitsidwa ndi mlongo wake."

Ine ndinakulembera pa 24, sindinayankhidwe. Steve analemba pa 27, pa 30 yankho lili m'manja. Kalata yako ya kwa ine yafika dzulo, itakhala masiku asanu ndi anayi m'jekete la kondakitala poti minibasi imathera pa Migowi, kuno sifika. Ndipo mwake muli chiyani? Mizere iwiri, "dikirani achemwali, ndikufufuza." Ngakhale ikanafika tsiku lomwelo, ndikanathirira mpunga ndi mizere iwiri?

Sindikudziwa zimene unalemba kumunsi kwa pepala la Steve. Mwina unamukalipira. Koma chimene unayamba nacho, chimene chinakuwawa kwambiri mpaka kuchiika pamwamba, si munda wa amayi ako ayi. Ndi ulemu wa pulogalamu.

Mbande tawokera theka, mochedwa, pa dothi lothirira ndi ndowa. Ine ndi Princess tikutunga ku ngalande yotaya madzi kumunsi, maulendo makumi atatu pa tsiku. Mwana wajomba sukulu sabata yathunthu. Mpunga si tomato, Fraser, umafuna kuima m'madzi.

Tsopano ndikupempha chinthu chimodzi, ndipo sindipemphanso china. Makiyi a makinawo uli nawo. Khala pa kompyuta yako, fufuta Steve, lemba Enelesi. Palibe adzadziwe. Ukakana ndidziwa kuti anthu aja amanena zoona.

Enelesi


Blantyre
14 Seputembala 2024

Achemwali,

Moni, ngakhale mwati mulibe. Ndalipira mnyamata wa njinga yamoto pa Migowi kuti kalatayi ifike m'manja mwanu lero lomwe.

Zimene mwapemphazo sindingathe, ndipo amene anatseka njira imeneyo ndine. Pojambula mapulani ndinaika lamulo loti chigawo china chisamalembe m'kaundula, ndiponso kuti ife a ku ofesi tisakhale ndi khomo lakuseri. Mabwana ankafuna likhalepo, ine ndinakana mpaka kukangana nawo. Mukukumbuka chaka chija amayi anagona masiku awiri pageti, tsiku lawo la madzi litaperekedwa kwa mlamu wa apampando akale? Ndinalumbira kuti ndidzapanga chinthu choti ngakhale wachibale wa mwini makiyi asadutsire pambali. Ndinachipangadi. Lero wachibaleyo ndinu.

Mukhoza kunditukwana pa zimenezo, koma pali china choyenera kunditukwanira kwambiri. Ndinakunamizani. Ndinati wina kumeneko analemba molakwika, chonsecho bokosi lija ndinaliona kale. Tsiku losankha kaundula tinali m'chipinda anthu asanu ndi atatu, mabwana ndi alendo amene anapereka thandizo la ntchitoyi. Mnzanga wina, Ethel, wa ku Mzimba, ndi amene anafunsa kuti, "Fraser, kwanu ku Phalombe minda si ya akazi kodi? Bokosi ili likwanira?" Onse anatembenukira kwa ine. Mmodzi wa alendo aja anamwetulira n'kufunsa ngati n'zoona kuti kwathu mwamuna amakakhala kwa mkazi. Wina anaseka. Ine ndinati zimenezo n'zakale, masiku ano anthu anasintha. Ndinatero ine, achemwali. Ndinachita manyazi kunena pamaso pa anthu ovala mataye kuti bambo anga anali mkamwini. Komanso kusintha bokosilo kukanachedwetsa ntchito mwezi wathunthu, ndipo ine ndinkafuna dzina loti ndimamaliza msanga.

Ndiye vuto silili m'kaundula, iye akuyankha zimene anaphunzitsidwa kwawo. Silili m'chogawa madzi. Lili polumikizira, pa funso limodzi lija loti mwini wake ndani, ndipo funsolo ndinalemba ndine ndikudziwa kuti kwathu lili ndi yankho lina.

Ndikulemba kachigawo katsopano kokhala pakati pa ziwirizo. Kazisunga padera mwini munda ndi mutu wa banja, ndipo pa minda ya chikamwini kazilola komiti ndi mboni ziwiri za mbumba kusintha dzina popanda kupempha mwamuna. Kakonza za inu nonse asanu ndi awiri nthawi imodzi. Koma kayenera kuyesedwa, mabwana asaine, alendo aja avomereze. Ndi masabata atatu ndikathamanga.

Musandiuze kuti mpunga sudikira, ndikudziwa. Inenso ndinakulira momwemo.

Fraser


Kwa Nakhonyo
10 Okutobala 2024

Fraser,

Ndinakhala chete mwezi wathunthu chifukwa ndikanalemba nthawi imene ija ndikanalemba zoti ana ako asadzawerenge. Unachita manyazi ndi bambo. Bambo amene anagulitsa wailesi yawo kuti upite ku sekondale. Ndazisiya, uzikambirana ndi mtima wako.

Kachigawo kako kafika. Lachiwiri a Gertrude anatiitana tonse asanu ndi awiri, mboni zinasaina, dzina langa linalowa. Ndinaliona ndi maso anga pa kompyuta. A Aliness mpaka analulutira.

Dzulo m'mawa foni yanga inalira. Uthenga woyamba wa makina ako kufika kwa ine chiyambire. Ndakopera mawu ake onse kuti usanene kuti ndawonjezera: "Mayi Enelesi, puloti 63 sinatsegulitse madzi masabata asanu ndi atatu otsatizana. Yaikidwa m'gulu la minda yosalimidwa ndipo iperekedwa kwa wina pa mndandanda wa odikira."

Yosalimidwa! Manja angawa ali ndi matuza a ndowa. Ndinathamangira kwa a Gertrude, iwo akuti zimenezi si za kaundula ayi, zachokera ku chogawa madzi. Chija unalemba ndi manja ako, chopanda banga chija. Akuti machenjezo awiri anatumizidwa mu Seputembala, onse kwa Steve, iye n'kungokhala duu. Ndipo dzina lake lili pa mndandanda wa odikirawo, analembetsa tsiku lomwe lija anawerenga kalata yako. Tonse asanu ndi awiri talandira uthenga womwewu.

Komiti ikhala Loweruka pa 19 kugawa mapulotiwo. Ndinapita kwa apampando ndi kalata yako ya pa 14, yovomera ija. Anaiwerenga n'kundibwezera. Ati munthu mmodzi walemba makalata awiri, ina ikuti sinalakwitse ina ikuti inalakwitsa, iwo akhulupirire iti? Ati mapepala atopa nawo. Ngati mwini mawu alipo, abwere adzanene ndi pakamwa pake pamaso pa anthu.

Ndiye ubwere. Usatume Ethel, usatume uthenga. Udzaime pabwalo pomwe unaima ndi galimoto yoyera paja, udzanene zimene unandilembera, za bokosi, za kuseka kwa alendo, zonse. Mpunga wapita kale, umenewo sindikuufunsanso. Ndikunena za munda.

Ukapanda kubwera, usadzavutike kubwera pa maliro anga. Princess ndamuuza kale.

Enelesi


Blantyre
15 Okutobala 2024

Achemwali,

Lamulo la masabata asanu ndi atatu ndi langadi. Komiti yomweyo ndi imene inalipempha, pofuna kuthana ndi anthu osunga mapuloti osalima. Chogawa madzi chimangoona kuti geti silinatsegulidwe, sichidziwa chifukwa chake, poti ndinachimanga kuti chisamafunse za anzake. Pokonza polumikizira paja ndinayesa dzina lokha, sindinaganize zoyang'ana zimene chigawo changa chakhala chikuwerengera mwakachetechete. Ndikhoza kuzimitsa lamulolo kutsogoloku, koma mndandanda wa minda yosalimidwa unasindikizidwa kale ndipo uli m'manja mwa komiti.

Koma kodi mukudziwa chimene mukundipempha? Ndakamba ndi bwana wanga. Akuti kampani itumiza kalata yonena kuti panali kavuto kakang'ono ndipo kakonzedwa. Akuti pulogalamuyi ikuyembekezeka kulowa m'masikimu ena asanu, ndipo wantchito amene akaime pagulu n'kunena kuti tinadziwa, ameneyo akalankhule ngati munthu wamba chifukwa Lolemba sadzapeza desiki. Ndili ndi ana atatu, achemwali. Inu mumangoti bwera, ngati ndikuchokera kuseri kwa nyumba.

Ndipo musamandiopseze ndi maliro. Kuyambira ndili mwana mumalankhula ngati munandigula chifukwa munandibereka kumsana. Ndakonza zimene ndinawononga, usiku ndi usana, simunanene ngakhale zikomo.

Sindikulonjeza kanthu.

Fraser


Kwa Nakhonyo
28 Okutobala 2024

Fraser mlongo wanga,

Ndikhulupirira unafika bwino. Unachoka osadya, osalowa n'komwe m'nyumba, kuthamangira minibasi yomaliza ngati wathawa ngongole ya mowa. Nyemba za kalongonda zimene ndinaphika anadya a Lenia.

Poti sunadikire chigamulo, ndikuuze. Utangochoka panabuka phokoso. Steve anati wanyengereredwa ndi mlongo wako. Amene anamukhazika pansi ndi a Micheal. Anati iwo akhala pageti zaka zambiri, aonapo anthu akunama kuti apeze madzi, koma munthu wonama kuti adzichotsere yekha ulemu sanamuonepo. Apampando anafunsa a Gertrude ngati bokosi lija lilidi mmene unanenera, iwo anavomera. Komiti inakana mndandanda wonse wa minda yosalimidwa uja. Mapuloti asanu ndi awiri abwerera kwa eni ake, ndipo 63 yalembedwa m'buku la komiti ndi inki, Enelesi, pambuyo pake Princess. Steve adzapatsidwa puloti yakeyake ikadzapezeka, monga wodikira wina aliyense. Pa zimenezo sindinatsutse, kusalaza anasalazadi.

Unalankhula moipa, ndikuuze. Unkachita chibwibwi, thukuta kumaso, ndipo pamene unafika pa mawu oti "ndinachita manyazi ndi bambo anga" sanamve a kumbuyo mpaka apampando anakubwerezetsa. Unabwereza. Ine ndinayang'ana pansi.

Usaganize kuti zatha. M'munda mulibe kanthu, mpunga unauma usanabereke, mbuzi ndi zimene zikudya. Chaka chino tigula chakudya ngati anthu a m'tauni. A Aliness sakufuna kumva dzina lako. Inenso ndikaona ndowa zija mtima umandiwira, ndipo zikomo amene ukufunayo sindinamupeze.

Alamu anandiimbira Lachinayi. Akuti desiki sunaipezedi, ndipo ukungokhala m'chipinda osalankhula ndi munthu. Ati ndikupepese. Sindipepesa, Fraser. Ndikanakhala ndi mwayi wina ndikanakuitananso chimodzimodzi.

Koma kukhala m'chipinda kumeneko usiye. Mitambo yayamba kusonkhana pa phiri la Michesi, mvula ili pafupi, ndipo pulotiyi yauma gwa, yang'ambika ming'alu yolowa phazi. Iyenera kugaulidwa yonse isanagwe mvula yoyamba, ndipo ine ndi Princess patokha sitimaliza. Ana ako adzafuna mpunga chaka chamawa, ndipo ndi munda wa amayi ako.

Ubwere Lachisanu. Nsapato za mu ofesi usiye konko.

Ndine mchemwali wako,
Enelesi